Mayi Akafuna Kuchepetsa Thupi, Maganizo Amagwira Ntchito Yanji?

Amayi ambiri ofuna kuchepetsa thupi anauzidwapo mawu awa: "Nkhani yonse ili m'mutu, mukangotsimikiza mtima mutha." Owanena amakhala ndi cholinga chabwino, koma mawuwa apweteka anthu ochuluka. Mayi amayamba ndi mphamvu zake zonse. Amasiya shuga, amachepetsa nsima, amalawirira m'mamawa kukayenda. Mwezi woyamba sikelo imatsika, wachiwiri imatsikabe pang'ono, wachitatu imangoti njo pamalo amodzi. Chaka chikamatha makilogalamu onse abwerera, mwinanso kuposa kale. Ndiye poti anamuuza kuti zonse zili m'mutu, mayiyo amadziona kuti wolakwa ndi iyeyo: waulesi, wosusuka, wosatha kudzigwira.

Maganizo ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi, ndipo zimenezo sindikayika. Koma sasungunula mafuta. Ntchito yawo imaonekera pa tsiku limene dongosolo lasokonekera, ndi pa zimene mayi amachita mawa lake, mobwerezabwereza kwa zaka. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi zimene thupi limachita munthu akayamba kuonda.

Thupi silifuna kutaya zimene linasunga

Mu 2011 akatswiri a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu 50 onenepa amene anawaika pa chakudya chochepa kwambiri kwa milungu 10. Anthuwo anaonda ndithu, ambiri ndi makilogalamu oposa 10. Koma magazi awo anaonetsa zina. Homoni yotchedwa ghrelin, imene imachokera m'mimba n'kumauza ubongo kuti kuli njala, inakwera. Ina yotchedwa leptin, imene imachokera m'mafuta a m'thupi n'kumauza ubongo kuti zosungidwa zilipo zokwanira, inatsika. Patatha chaka chathunthu mahomoniwo anali asanabwererebe mwakale, ndipo anthuwo ankamva njala kuposa mmene ankamvera asanayambe.

Kevin Hall ndi anzake a ku America anapezanso zofanana mu 2016. Anayeza anthu 14 amene anaonda kwambiri pa mpikisano wina wa pa TV. Patatha zaka 6, matupi awo ankagwiritsa ntchito makalori (muyezo wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya) ochepa ndi pafupifupi 500 patsiku poyerekeza ndi mmene thupi la munthu wolemera choncho liyenera kuchitira, ndipo ambiri anali atanenepanso. Ngakhale jakisoni wamakono wochepetsa thupi wotchedwa semaglutide, amene pa kafukufuku wa mu 2021 anathandiza anthu kutaya pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo, amaonetsa zomwezo: amene anamusiya, magawo awiri mwa atatu a zimene anatayazo anabwerera m'chaka chimodzi.

Choncho mayi amene pa mwezi wachinayi akudzuka pakati pa usiku njala itamupweteka sanafooke mtima. Thupi lake likuchita zimene matupi a makolo athu anazolowera kuti apulumuke zaka za chilala. Amene akudziwa zimenezi sadabwa sikelo ikaima, ndipo sathamangira kunena kuti walephera. Amene sakudziwa amatenga njalayo ngati umboni wa khalidwe lake loipa, ndipo kusiya kumayambira pamenepo.

Kwathu kuno, kuonda kuli ndi mafunso ake

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyezo, ndipo m'matauni anali 36 pa 100 alionse. Chiwerengero cha dziko lonsechi n'choposa kuwirikiza kawiri cha mu 1992. Matenda a shuga ndi BP akukwera nacho limodzi.

Koma mayi wa ku Ndirande kapena ku Area 25 akayamba kuchepetsa thupi amakumana ndi zimene mabuku a ku Ulaya sakamba kawirikawiri. Kwathu mkazi akakwatiwa n'kunenepa, anthu amati bambo akusamala, banja lamuyanja. Ndipo zaka zimene Edzi inkatenga anthu, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, zinasiya chipsera. Kuonda kunasanduka chizindikiro choopsa, ndipo mantha amenewo sanachoke m'mitima.

Ndiye mayi wataya makilogalamu 6, akusangalala kuti maondo asiya kuwawa akamakwera chitunda. Potuluka m'tchalitchi mnzake wa mu kwaya amamukokera pambali, n'kumuyang'ana m'khosi pamene mafupa ayamba kuonekera. "Anaphiri, kwagwanji? Mwaondatu. Kunyumba kuli mtendere? Munapitako kuchipatala?" Akapita kumudzi, apongozi amamuwonjezera mtanda wa nsima asanafunse n'komwe: "Idyani amayi, anthu angamati mwana wanga akukuzunzani." Palibe amene akumufunira zoipa. Onsewa akumukonda. N'chifukwa chake kukana kumavuta, ndipo amayi ambiri amasiyira pamenepa, thupi lisanawagonjetse n'komwe.

Chimene chimathandiza ndi kukhala ndi yankho lokonzeratu, lalifupi, lonenedwa mosachita manyazi: "Ndili bwino ndithu. BP inakwera, ndiye ndikuchepetsa thupi dala." Mayi amene amayankha chonchi amakhala kuti funso lakuti akuchitiranji zimenezi analiyankha kale mumtima mwake.

Funso limeneli ndi lalikulu. Ku Lisbon, m'dziko la Portugal, Marlene Silva, Pedro Teixeira ndi anzawo anatsatira amayi 239 onenepa. Ena anapatsidwa maphunziro wamba a zaumoyo. Ena anathandizidwa kupeza zifukwa zawozawo, ndi kusankha okha masewera olimbitsa thupi amene amawakonda. Patatha zaka zitatu, amayi amene ankalimbitsa thupi chifukwa chofuna okha ndi amene anapitiriza kwambiri, ndipo ndi amene sanabwerere msanga ku thupi lakale. Chifukwa chochokera kunja chimakhala ndi tsiku lothera. Mayi amene akuonda kuti diresi limukwane pa ukwati wa mng'ono wake, ukwati ukatha chifukwa chathanso. Amene akuonda chifukwa mwamuna anamunyoza pa anthu amayamba ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo umatopetsa. Koma amene anaona mayi ake akudulidwa mwendo chifukwa cha shuga, n'kunena mumtima kuti iye akufuna kudzanyamula zidzukulu zake akuyenda yekha, chifukwa chakecho chidzakhalapobe ngakhale patapita zaka khumi.

Palinso nkhani ya nambala imene mayi amadziikira. Mu 1997 Gary Foster ndi anzake a ku University of Pennsylvania anafunsa amayi 60 onenepa kuti akufuna kufika pati. Ambiri ankafuna kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwawo. Anawafunsanso kuti atchule kulemera kumene akakufika angakhumudwe nako. Patatha milungu 48, amayiwo anali atataya makilogalamu pafupifupi 16 aliyense tikatengera pakatikati, zimene madokotala amaziona kuti n'zazikulu zedi. Koma pafupifupi theka la iwo anali asanafike ngakhale pa nambala yokhumudwitsa ija. Anapambana, koma m'maso mwawo analephera.

Tiyerekeze ndi kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Munali anthu 3,234 amene anali pafupi kudwala matenda a shuga, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi. Gulu lina linapatsidwa zolinga ziwiri zokha: kutaya 7 peresenti ya kulemera kwawo, ndi kuyenda mwandawala kapena kulimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu. M'gulu limenelo odwala shuga anachepa ndi 58 peresenti, pomwe mwa amene anapatsidwa mankhwala a metformin anachepa ndi 31 peresenti. Kwa mayi wa makilogalamu 80, 7 peresenti ndi makilogalamu osakwana 6. Aneba sangazindikire n'komwe, koma magazi ake amakhala atasintha.

Tsiku limene dongosolo lasokonekera

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani. Palibe mayi amene amatsata dongosolo la kadyedwe chaka chonse osaphonya. Kuli zinkhoswe, kuli maliro kumene munthu amagona masiku awiri n'kumadya chimene chaphikidwa, kuli Khirisimasi, kuli tsiku limene mwana wadwala ndipo chakudya chimene chili pafupi ndi mandasi a pa geti la chipatala.

Mu 1975 Peter Herman ndi Deborah Mack anachita kafukufuku amene mpaka lero amatchulidwa. Anaitana atsikana a pa koleji kuti alawe ayisikirimu, n'kuwauza kuti adye mmene angafunire. Ena anayamba awamwetsa chakumwa chotsekemera cha mkaka. Atsikana amene sankadziletsa zakudya, atamwa chakumwacho anadya ayisikirimu wochepa, poti anali atakhuta. Koma amene ankadziletsa pofuna kuonda anachita zosiyana: atamwa chakumwacho anadya wochuluka kuposa anzawo odziletsa amene sanamwe. Lamulo linali litathyoka kale, ndiye mtima unati basi, zaonongeka kale, ndingodya.

Mayi aliyense amene anayesapo kuonda akuzidziwa zimenezi. Loweruka kunali chinkhoswe. M'mbale munali mpunga, nkhuku yokazinga, chipisi ndi saladi wa mayonezi, ndipo Fanta anamwa ziwiri. Lamlungu m'mawa wakwera pa sikelo, yakwera ndi kilogalamu imodzi ndi theka. Mtima wagwa. "Ndidzayambanso Lolemba." Lolemba lafika, kuntchito wina wabweretsa keke. "Ndidzayamba mwezi ukatha." Mwezi ukatha amati Januwale.

Koma tiwerenge bwino. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700, ndipo mbale ya pa chinkhoswe, ngakhale itadzaza bwanji, sifika pamenepo. Zimene sikelo inaonetsa Lamlungu zinali madzi amene thupi lasunga chifukwa cha mchere ndi mpunga, komanso chakudya chimene chinali chikadali m'matumbo. Pakanatha masiku atatu zikanachoka zokha. Kwa amayi palinso masiku oyandikira kusamba, pamene thupi limasunga madzi ndipo sikelo imakwera popanda cholakwa chilichonse. Chinkhoswe sichinabweze mafuta. Anabwerera m'milungu isanu ndi umodzi imene mayiyo anakhala atagwa ulesi, akudikira tsiku labwino loyambiranso.

Nanga n'chiyani chimathandiza munthu kubwerera msanga? Ambiri amaganiza kuti ndi kudzikalipira. Umboni ukuloza kwina. Mu 2007 Claire Adams ndi Mark Leary anapatsa atsikana a pa koleji donasi kuti adye. Ena anawauza mawu ochepa owakhazika mtima pansi: aliyense amadya zotere nthawi zina, musadziimbe mlandu. Kenako onse anawaikira maswiti kuti alawe. Mwa atsikana odziletsa zakudya, amene anamva mawu aja anadya maswiti ochepa kuposa amene sanauzidwe kanthu. Anali kafukufuku wamng'ono, koma akugwirizana ndi zimene ena apeza. Manyazi amapweteka, ndipo munthu amene anazolowera kutonthoza mtima ndi chakudya, akapwetekedwa amabwerera komweko.

Ena amaopa kuti kudzikhululukira ndi kudzilekerera. Ayi. Wodzilekerera amati zilibe kanthu. Wodzikhululukira amati zachitika, ndipo chakudya chamadzulo ano chikhala cha masiku onse. Sasala tsiku lonse kuti alipire, chifukwa kusala koteroko kumabweretsa njala yoopsa usiku, ndipo zonse zimayambiranso.

Katswiri wa ku Germany, Joachim Westenhoefer, anasiyanitsa kudziletsa kwa mitundu iwiri. Kwina n'kouma: nsima sindidzadyanso, shuga sindidzalawanso. Kwina n'kofewa: mitanda itatu ikhale iwiri, ndiwo zamasamba zichuluke, ndipo ndikadya kwambiri masana madzulo ndichepetsako. Anapeza kuti kudziletsa kouma kumayendera limodzi ndi kudya mopitirira muyezo mwa apo ndi apo, pomwe kofewa kumayendera limodzi ndi thupi locheperako. M'nyumba ya ku Malawi, mmene mayi amaphika nsima kawiri patsiku n'kuomolera aliyense, lumbiro lakuti sadzaikhudzanso silingathe mwezi.

Ndili ndi mawu kwa abambo, achemwali ndi aliyense amene amaganiza kuti kunyoza kumadzutsa munthu. Angelina Sutin ndi Antonio Terracciano anatsatira akuluakulu oposa 6,000 a ku America kwa zaka zinayi, ndipo anafalitsa zotsatira mu 2013. Amene ankasalidwa chifukwa cha thupi lawo anali ndi mpata woposa kuwirikiza kawiri wofika pa kunenepa kwambiri poyerekeza ndi amene sankasalidwa. Mayi amene amasekedwa akamathamanga mumsewu amasiya kuthamanga. Amene anachititsidwa manyazi pa sikelo ya kuchipatala amazengereza kubwererako. Ngati mukufuna kuthandiza, dzukani muyende naye, ndipo musadandaule patebulo pakabwera mgaiwa m'malo mwa ufa woyera.

Kulota ndi kukonzekera

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda uphungu wakuti muzidziona m'maganizo muli ndi thupi limene mukufuna, ndipo lidzabwera. Gabriele Oettingen ndi Thomas Wadden anayesa zimenezi mu 1991 pa amayi 25 amene anali pa pulogalamu yochepetsa thupi. Amene ankalota kuti zonse ziyenda mosavuta anataya makilogalamu pafupifupi 11 ochepa poyerekeza ndi amene ankaoneratu kuti kudzakhala mayesero. Kukhulupirira kuti ungathe kunathandiza. Kulota ngati wafika kale kunabwezera m'mbuyo.

Chimene chimagwira ntchito ndi kutchula vuto lenileni ndi kulikonzera yankho lisanafike, njira imene katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anaifufuza kwambiri. "Ndizidya bwino" ndi chikhumbo chabe. Dongosolo limamveka chonchi: ndikatsika minibasi madzulo n'kumva fungo la chiwaya, ndidya nthochi imene ili m'chikwama. Ana akasiya nsima m'mbale, ndiivundikira n'kuisunga, sindiimaliza ndili chiimire pa sinki. Chachiwirichi amayi ambiri sachiwerengera. Tinaleredwa kuti kutaya chakudya ndi tchimo, ndiye zotsala za ana atatu zimathera m'mimba mwa mayi tsiku ndi tsiku. N'chimodzimodzi ndi tiyi. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti shuga wowonjezera asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 patsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Makapu atatu a tiyi a masupuni atatuatatu afika kale pa 9, Sobo ndi thobwa lotsekemera tisanaziwerenge.

Kuzolowera kumatenga nthawi. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayamba chizolowezi chatsopano. Kuti chifike pongochitika chokha zinkatenga masiku pafupifupi 66, ena 18, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkaononga kanthu.

Mbale nayo iyenera kukhutiritsa maso ndi mtima. Alia Crum, ali ku yunivesite ya Yale ku America mu 2011, anamwetsa anthu chakumwa chimodzimodzi cha makalori 380 pa masiku awiri osiyana. Tsiku lina chinalembedwa kuti n'chonona cha makalori 620, tsiku lina kuti n'chopepuka cha makalori 140. Ghrelin inatsika kwambiri pa tsiku limene ankaganiza kuti amwa chonona. Kafukufuku mmodziyu asatipangitse kuganiza kuti njala ndi maganizo chabe, koma akusonyeza kuti kudya ukudziona ngati wolangidwa kuli ndi mtengo wake. Mtanda umodzi wa mgaiwa, nkhwani wotendera wodzaza theka la mbale, ndi nyemba kapena usipa pambali, ndi chakudya chenicheni, ndipo chimakhala m'mimba nthawi yaitali kuposa buledi ndi tiyi.

Ku America kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry, amene Rena Wing ndi James Hill anayambitsa mu 1994. Muli anthu oposa 10,000 amene anataya makilogalamu osachepera 13 n'kukhala chaka kapena kuposerapo osabwerera, ndipo pafupifupi 80 peresenti ndi amayi. Njira zimene anaondera n'zosiyanasiyana, ndipo ambiri anali atayesapo kale n'kulephera. Zimene amafanana ndi zinthu wamba: amalimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi patsiku, makamaka kuyenda, ambiri amadya kadzutsa, ndipo atatu mwa anayi alionse amakwera pa sikelo kamodzi pa mlungu kapena kuposerapo. Amatero kuti akaona kilogalamu imodzi yabwerera aikonze isanafike pa zisanu. Kwa mayi wovala chitenje zimenezi n'zofunika, chifukwa chitenje chimamangika bwinobwino ngakhale chiuno chitakula. Ngati sikelo palibe, tepi ya telala imakwanira: kwa amayi, chiuno choposa masentimita 80 ndi chenjezo.

Pamene maganizo sangafike

Pali zinthu zimene kulimba mtima sikungasinthe, ndipo kuuza mayi kuti angoganiza bwino pamene vuto lili kwina ndi nkhanza. Mankhwala a dolutegravir, amene ali mu ma ARV omwe anthu ambiri m'Malawi anayamba kumwa mu 2019, amanenepetsa ena, ndipo kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg anaonetsa kuti zimachitika kwambiri kwa amayi. Jakisoni wolera wa Depo amanenepetsanso amayi ena. Kulinso matenda a PCOS (vuto la mahomoni limene limasokoneza kusamba), chithokomiro chosagwira bwino ntchito, ndi zaka zosiya kusamba pamene mafuta amasamukira pamimba. Kugona maola ochepa kumakweza njala, ndipo mayi amene amadzuka 4 koloko kukapikula tomato n'kugona 11 koloko usiku sanasankhe zimenezo. Thumba nalo limalamula: mandasi ndi otchipa kuposa mazira.

Musasiye ma ARV kapena njira yolera chifukwa cha sikelo. Kambiranani ndi adokotala kapena anamwino, ndipo pemphani kuti akuyezeni BP ndi shuga. Mayi woyembekezera asayambe kuchepetsa thupi payekha, ndipo woyamwitsa apite pang'onopang'ono. Tiyi woondetsa amene amagulitsidwa pa intaneti nthawi zambiri amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa, ndiye chimene chimachoka ndi madzi. Amene wayamba kudzisanzitsa akadya, kapena kusala masiku angapo n'kudya mosadziletsa pambuyo pake, akufunika thandizo la kuchipatala, chifukwa amenewo ndi matenda ndipo amachizika.

Ndipo funso la mnzake wa mu kwaya lija lili ndi malo ake oyenera. Ngati thupi likutsika musanasinthe kadyedwe kapena kayendedwe, makamaka ngati pali chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, pitani mukayezetse TB, HIV ndi shuga mlungu womwewo.